Andisankha kukatsutsa bodza langa lomwe la ndege

Aphungu,

Ndiyambe ndi kupepesa, kalatayi italika. Ine ndine munthu wa pakamwa. Sukulu ndinangoiona ndi maso podutsa, ndiye mawu mukuwerengawa ndi anga koma cholembera agwira ndi mayi a kunyumba. Tapangana kuti alembe monga ndikunenera, osachotsa, osawonjezera. Iwo akuti zowonjezera ndimabwera nazo kale ndekha, ndipo ndi zimene zandifikitsa pano.

Ndinagwira ntchito yonyamula katundu pa bwalo la ndege la mumzinda wathu uno zaka makumi atatu ndi chimodzi. Musaganize za mabwalo aja amaonetsa pa kanema. Lathuli ndi laling'ono. Msewu wa ndege ndi umodzi, khomo lotulukira limodzi, ndi lamba mmodzi wozungulitsa masutikesi, amene akadwala tinkalowa m'malo mwake ndife ndi mapewa athu. Masiku ambiri pamangotera tindege ta m'dziko momwemuno. Koma Lachiwiri ndi Loweruka masana pamatera ndege yochokera kunja. Ife timangoti Yaikulu. Yaikulu ikamveka kumwamba, wogulitsa tiyi amawonjezera madzi m'ketulo, a matakisi amadzuka m'magalimoto mwawo n'kupukuta kumaso, mzinda wonse umakhala ngati wasamba.

Msana utakana ntchito ndinapuma, koma miyendo sinamve kuti ndapuma. Mpaka lero m'mawa uliwonse imanditengera pa benchi ina pafupi ndi kakantini ka tiyi, pomwe anthu amadikirira abale awo. Pamenepo ndimacheza. Anthu amanditcha a Wailesi, akuti sindifuna mabatire. Ndimawauza za sutikesi ija inalira ngati khanda ife n'kubalalika, osadziwa kuti munali chidole. Ndimawauza za bwana uja anatsika atavala chijasi cha kuchisanu mwezi wotentha, n'kukomoka asanapereke moni kwa apongozi ake. Zina zinachitikadi, zina zinatsala pang'ono kuchitika. Munthu wodikira ndege safuna umboni, amangofuna nthawi ipite.

Miyezi inayi yapitayo, tsiku Lachinayi, bwalo lili zii, panafika bambo wina. Kajekete kopanda manja ka matumba ambirimbiri, chitupa chili lende pakhosi, buku m'manja. Anali munthu wathu yemwe, koma mawu ake anali ovala tayi. Anakhala pambali panga nati, "Madala, wa tiyi uja akuti mwini wake wa bwalo lino ndinu. Tikuchita kafukufuku. Tikufuna tidziwe mmene zinthu zilili kuti tione chochita."

Aphungu, apa mundimvetse bwino musanandiweruze. Ife anthu wamba tinaphunzira kalekale kuti munthu wa buku ndi chitupa pakhosi akanena kuti kafukufuku, kumbuyo kwake kukubwera thandizo. Ndipo thandizo silipita kwa amene wayankha kuti ali bwino. Chaka chija mphepo inasasula nyumba kuno, mnansi wanga ananena zoona kuti denga lake langopendekeka koma silinagwe. Malata anamudumpha. Ine ndinalira mwaluso, malata ndinalandira. Kuyambira pamenepo ndinatsimikiza kuti akuluakulu sanalakwitse, mwana wosalira amafera mu mbereko. Ndiye nditaona buku lija ndinati mumtima, lero ndililirira bwalo lathuli. Mwina atikonzera denga la modikirira limadontha lija, mwina atigulira lamba watsopano, mwinanso atiwonjezera ndege yachitatu.

Anandifunsa kuti, "Ndege yakunja ija imabwera ndi anthu ambiri?"

Ine ndinati, "Anthu? Bwana, munalowapo m'tchalitchi Lolemba m'mawa? Mabenchi okhaokha, ndi mleme umodzi kudenga. Ndiye ndege yathuyo. Tchalitchi cha Lolemba."

Bambo uja anaseka mpaka anatsamwa ndi madzi a m'botolo lake, kenako analemba. Tsono matenda anga ndi amenewo. Munthu akaseka nkhani yanga ndimaledzera osamwa. Ndinapitiriza. Ndinati woyendetsa ndege amawerenga okwera ndi dzanja limodzi, zala zina n'kutsala zokandira m'mutu. Ndinati anthu a kuno ndege timakwera kumaloto kokha, ndipo awiri atatu amene ali ndi kangachepe amakwera basi kupita kumzinda waukulu kukanyamukira kumeneko. Ndinamaliza ndi mawu aja timamalizira tonse: "Mutiganizire, bwana, kuno tavutika." Dzina sanandifunse. Anangofunsa zaka zimene ndinagwira ntchito, nandigulira tiyi, napita. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndathandiza mtundu.

Chilungamo chake, chimene mapewa angawa akuchidziwa kuposa buku lililonse, ndi ichi. Loweruka Yaikulu imabwera itatsala pang'ono kudzaza. Lachiwiri imabwera theka, nthawi zina osafika theka. Kumapeto a chaka mpando supezeka ngakhale ugwade. Amakwera ndi amayi a geni okatenga katundu kunja, odwala amene madokotala a kuno awatumiza kutali, ana athu ogwira ntchito m'mayiko a eni. Ndipo pansi pake, m'mimba mwa ndege, ndatsitsamo mabokosi a maliro osawerengeka, chipewa chili m'manja, anamfedwa akudikira kuseri kwa waya. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkaseketsa bambo uja.

Mwezi wathawu pakhomo la bwalo anamata chikalata. Kampani ya ndege ikufuna kuchotsa Yaikulu. Akuti aliyense wopita kunja azikakwerera kumzinda waukulu, ulendo wa maola asanu ndi anayi pa basi, msewu ukakhala kuti wakondwa. Anaitanitsa msonkhano mu holo kuti amve maganizo a anthu. Holo inadzaza, ena anachita kusuzumira pa mawindo. Akuluakulu a kampani anawerenga lipoti lawo, womasulira akutitembenuzira. Manambala ankandidutsa pamwamba ngati mbalame, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndikumva. Kenako womasulira anati, "Tsopano mawu a anthu a m'dera lino. Mkulu wina amene anagwira ntchito pa bwaloli zaka zoposa makumi atatu anauza wofufuza wathu kuti ndegeyi ili ngati tchalitchi cha tsiku Lolemba, mabenchi okhaokha."



Holo inawira. Kuno kuli mayi wina wa geni, timamutcha Mai Masutikesi chifukwa satsika ndege ndi masutikesi ochepera asanu ndi limodzi. Anaima nakuwa, "Nkhalamba imeneyo ili kuti? Ibwere pano ndiisenzetse katundu wanga mpaka kumzinda waukulu, tione ngati ndili benchi!" Anthu anayamba kuyang'anayang'ana, ndipo maso ena anafika pa ine, chifukwa wa pakamwa kuno amadziwika. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinadzuka ine, mwamuna wa imvi, n'kukuwa kuposa onse: "Ameneyo ndi mfiti! Wodya pano n'kumanyoza pano!" Anthu anawomba m'manja. Wina kumbuyo anati mwina anali mlonda wakale wa bwalo lathuli, amene tinamuika m'manda miyezi iwiri yapitayo, poti naye anagwira zaka zambiri ndipo ankakonda kudandaula. Holo yonse inati eya, ndi yemweyo, Mulungu amukhululukire. Ine ndinakhala pansi osatsutsa. Munthu amene ndinkagawana naye chikho cha tiyi zaka zonsezo ndinamusiya asenze katundu wanga ali m'manda.

Tinabwerera kwathu ine ndi mayi a kunyumba. Titalowa anapita ku kabati, natenga chitini cha shuga chimene chinatha dzana lake, nachiika patebulo pamaso panga, n'kutsegula chivundikiro.

"Bambo, chitini chikakhala chonchi mumachitcha chiyani?"

Ndisanayankhe, iwo anapitiriza.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikumva tchalitchi cha Lolemba m'nyumba muno. Botolo la mafuta likatha, tchalitchi cha Lolemba. Mutu wa mlongo wanga, tchalitchi cha Lolemba. Lero mwapatsa malemu?"

Ndinaulula zonse. Iwo anangoti, "Lilime lilibe fupa, koma lanuli lathyola ndege." (Apa akuti ndinene kuti anawonjezeranso mawu ena amene sangalembedwe m'nyuzipepala.)

Koma chimene chandilembetsa kalatayi sindinafikepo. Mwana wathu wachisamba, wamkazi, amagwira ntchito pa bwalo lomwelo. Ndi amene amadinda mapasipoti a anthu otsika ndi okwera Yaikulu. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu pano, ndi ana ake awiri. Ndi iye amene amatenga mayi ake kupita nawo kuchipatala miyendo ikatupa, ndi iye amene amandikalipira ndikaiwala kumwa mankhwala. Yaikulu ikachoka, kawindo kake kodindira katsekedwa, ndipo mabwana ake amuuza kale kuti amusamutsira kumzinda waukulu. Tsiku limene anayamba ntchito, atavala yunifolomu, ine ndinali ndi sutikesi ya munthu paphewa, ndipo ndinaitula pansi n'kumuchitira sawatcha anthu onse akuona. Palibe chimene ndinanyadirapo pa moyo wanga kuposa kamtsikana kameneka.

Pa msonkhano paja iye kunalibe, anali pa ntchito. Lamulungu masana anabwera kunyumba atanyamula jekete langa la ku ukwati, atalichapitsa n'kulisita. Analipachika pa chitseko nakhala pa mpando.

"Ababa, anthu apanga komiti, wapampando ndi Mai Masutikesi. Kampani yavomera msonkhano wachiwiri isanagamule. Komiti yagwirizana kuti woyankhula wathu mukhale inu."

Ndinati, "Ine mwanawe? Ine wosaphunzira?"

"Iwo ali ndi nkhalamba yawo ya zaka makumi atatu. Ife tili ndi yathu ya makumi atatu ndi chimodzi. Mukaigonjetse."

Ndinaseka kuseka kwa munthu woponda minga. Ndinati chifuwa chikundivuta masiku ano. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira chithunzi cha pa pasipoti ndi nkhope ya mwini wake, kenako anati, "Dzina lanu ndinapereka ndine, Ababa. Ndinawauza kuti palibe wodziwa zoona za bwalo lija kuposa bambo anga. Ndiponso akuti wofufuza uja adzakhalapo, adzateteze lipoti lake." Anatsanzika napita. Mayi ake nthawi yonseyi anali kukhitchini, akutsuka mbale imodzi yomweyo.

Msonkhanowo uliko Lachisanu la sabata ya mawa. Jekete lili pa chitseko, ndikadutsa limakhala ngati likundifunsa. Pa benchi paja ndasiya kupita, wa tiyi watumiza uthenga kawiri kufunsa ngati Wailesi yapsa. Ndaganiza zodwala tsikulo. Ndaganiza zopita n'kukana kwamtuwagalu, poti bambo uja dzina langa alibe. Ndinaganizanso zometa ndevu ndi kuvala chipewa chachikulu kuti asandizindikire, koma mayi a kunyumba akuti mawu sametedwa.

Ndiye ndithandizeni, Aphungu. Ndimuuze mwanayu? Ndikamuuza adzandiyang'ana bwanji, poti ndi ine ndamuchotsa pakhomo? Ndikaulula pa gulu, si ndiye kuti ndapereka chikwanje kwa a kampani, kuti onani, mboni zanu ndi zabodza? Komanso pali china chimandisokoneza. Lachiwiri ndege ija imabweradi theka. Kodi mwina a kampani akulondola, bodza langa linangothamangira kutsogolo kwa chilungamo? Kodi kampani ili ndi udindo wosunga ndege kumizinda yaing'ono ngati wathu uno, kapena tikungolirira zosatheka? Manyazi andikulira moti ine, amene sindinasowepo mawu, ndikulephera kuyankha moni wa mdzukulu wanga.

Ndine wanu wothedwa nzeru,
W. M., kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege


Bambo W. M.,

Choyamba tsikani pamwamba pamene mwadzikweza. Ndege sichotsedwa ndi nthabwala ya pa benchi. Kampani isanatumize munthu wa buku inali itawerenga kale mipando, mafuta ndi matikiti, ndipo manambala amene anakudutsani pamwamba aja ndiwo akuluakulu pa nkhaniyi. Mawu anu anawaika mu lipoti ngati duwa patebulo, kuti anthu aone kuti eni dera nawo avomereza. Choncho lekani kudziona ngati munthu amene wagwetsa ndege ndi lilime.

Koma musapume msanga. Pa benchi paja munalakwitsa, mu holo muja munachimwa. Pa benchi munasokoneza anthu awiri ovala mofanana. Pali wa buku amene amafufuza osowa kuti awapatse, ndiye pali wa buku amene amafufuza ogula kuti awagulitse. Ukalira kwa woyambayo umalandira malata. Ukalira kwa wachiwiriyo amatseka sitolo n'kusamuka. Kulakwitsa kumeneku anthu ambiri mu holo ija akanakuchita, ndipo adzakumvetsani. Chimene sadzamvetsa msanga ndi kukuwa mfiti uli mwini nkhani, ndi kusiya mnzanu amene sangadziyankhire atukwanidwe. Mlonda uja anasiya banja. Akazi ake ndi ana ake akuyenda mumzinda womwewo, akumva kuti bambo awo ndi amene anagulitsa ndege. Mlandu umenewu suwola, ndipo tsiku lililonse mukakhala chete ukukula.

Tsopano za mwana wanu. Bambo, mwana ameneyu anakulira m'nyumba imene chitini chopanda shuga chili ndi dzina. Mawu aja azungulira mzinda wonse. Mukuganiza kuti atawamva anafunika womasulira? Munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana nkhope tsiku lonse? Ine ndikuona kuti akudziwa. Akanatha kukuyalutsani, akanatha kungokhala chete n'kumakuonani mukufota. M'malo mwake wasita jekete, wakuuzani kuti wofufuza adzakhalapo kuti musakagwe m'mbuna, ndipo wakutsegulirani khomo loti mutulukire nokha muli chiimire. Ngati ndalakwitsa ndipo sakudziwa, ndiye kufulumira kukufunika kwambiri, chifukwa waika dzina lake pa dzina lanu pamaso pa komiti.

Pitani kwa iye mawa. Musamuitane kwanu ayi, mupite ndinu, ana ake atapita kusukulu. Musayambe ndi mphepo ija inasasula nyumba, musayambe ndi mwambi. Yambani ndi mawu anayi: nkhalamba ija ndine, mwananga. Zifukwa zibwere pambuyo, ngati wafunsa. Akakalipa, mulekeni akalipe mpaka amalize. Akalira, musamutonthoze ndi nthabwala.

Mukachoka kumeneko, tengani mayi a kunyumba mupite kwa akazi a malemu mlonda. Kupepesa kumeneku sikoyenera kudikira Lachisanu. Kenako inu ndi mwana wanu mukaonane ndi Mai Masutikesi, chifukwa komiti ili ndi ufulu wodziwa amene yamusankha, ndiponso ufulu wokuchotsani. Adzakutukwanani, ndipo pa zimene mwandiuza za mayiwa, adzakutukwanani bwino. Pirirani. Akamaliza muwauze izi: kampani inaimika mboni imodzi yokha ya m'dera lanu, ndipo mboniyo ikufuna kubweza mawu ake pamaso pa amene anawalemba. Mwafunsa ngati kuulula sikupereka chikwanje kwa a kampani. Ayi. Chikwanje mungawapatse mukakaima n'kuyamba kutsutsa nkhalamba yabodza, wofufuza n'kukweza dzanja kuti pepani, nkhalambayo ndi yomweyi. Pamenepo ndiye komiti yonse yagwa nanu limodzi.

Akakulolani kuyankhula, imani msanga, wina asanakulozeni chala. Nenani kuti mawu aja anali anu, osati a malemu. Nenani chifukwa chake mwachidule. Ndikudziwa kuti kwa inu mphindi zisanu ndi moni chabe, koma zikwane. Holo ikayamba kuseka, musakwere pa kusekako. Ndipo musachoke pa bodza lina n'kugwera pa linzake. Mukakanena kuti ndege imadzaza tsiku lililonse, a kampani adzatsegula mabuku awo n'kukugwetsani kachiwiri. Nenani zimene mwandiuza ine: Loweruka yodzaza, Lachiwiri theka, kumapeto a chaka yosakwana. Nenani amene amakwera ndi chifukwa chake, mpaka aja amabwera m'mimba mwa ndege. Munthu amene wavomera za Lachiwiri, anthu amamukhulupirira za Loweruka.

Pa funso lanu loti kampani ili ndi udindo kapena ayi, maganizo anga ndi awa. Kampani ya ndege si bungwe lachifundo, ndipo siidzauluka ndi mipando yopanda anthu chifukwa choti mwaigwadira. Koma si zoona kuti mzinda waung'ono uzingolandidwa khomo lake lotulukira kunja popanda kufunsa mafunso. Wodwala amene akulephera kukhala tsonga, maola asanu ndi anayi pa basi si nkhani yaing'ono kwa iye. Ndipo m'bodza lanu lija munali kachilungamo kamodzi kamene komiti iyenera kukatola: alipo anthu a kwanu amene amakwera basi kukanyamukira kumzinda waukulu. Anthu amenewo kampani imawawerenga ngati a kumzinda waukulu, pamene ndi anu. Komiti iwafufuze, ilembe mayina awo, iwafunse chimene amathawa. Ngati ndi tsiku la Lachiwiri limene silikugwirizana ndi maulendo awo, pemphani lisinthidwe. Ngati ndi mtengo wa tikiti, funsani chifukwa chake wa kwanu uli wokwera. Musakapemphe zonse kapena kutaya zonse. Pemphani ndege ya Loweruka yokha ikhale, kapena abweretse yocheperako, kapena akupatseni miyezi isanu ndi umodzi yoyesera. Amayi a geni alonjeze katundu amene angatumize. Akuluakulu a mzinda ndi eni bwalo afunsidwe poyera chimene iwo angachite kuti kampani isaone kutera kwanu ngati chilango. Zimenezi ndi zimene wamalonda amamva.

Chenjezo langa ndi ili. Mutha kuchita zonsezi bwinobwino, ndege n'kuchokabe. Musakaulule ngati mukugula chigamulo, ndipo musalonjeze mwana wanu kuti mukonza zinthu, chifukwa sizili m'manja mwanu. Mwina adzasamukadi. Chimene chili m'manja mwanu ndi mmene adzasamukire. Ndege ikachoka, basi ilipo, ndipo mwana wokonda kwawo maola asanu ndi anayi samuopsa. Koma mwana akachoka ali ndi chinthu kukhosi, ngakhale basi sakwera.

Aphungu